Chiphaliwali ndi Amayi Ake

Pemphani wa ku Biwi amawotcherera mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo pa kashedi kena m'mbali mwa msewu wopita ku Old Town. Koma mukamufunsa ntchito yake, amayamba wakanda m'mutu, kenako n'kunena kuti iye ndi woimba, kuwotchererako n'kongodikirira. Wadikirira chomwecho mpaka imvi zayamba kusuzumira m'ndevu. Dzina lake la pa maiki ndi Chiphaliwali, ngakhale iye mwini amavomera kuti kung'anima konse komwe anthu anamuonapo nako n'kwa makina owotcherera.

Rapu anaiyamba ali ku sekondale, akuomba desiki ngati ng'oma anzake akulemba masamu. Mayeso atamukana, anabwerera m'nyumba ya amayi ake, a Nankhoma, mayi wamasiye wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, yemwe ankagulitsa kaunjika pamsika. M'nyimbo zake Pemphani anali mkango wa Lilongwe yense. Pakhomo ndi iye amene ankatumidwa mchere.

Mnzake Anwar, wometa tsitsi ku Kawale, anali ndi kompyuta yakale ndi maiki m'kachipinda kuseri kwa babashopu. Kachipindako ankakatchula kuti situdiyo, koma chilichonse chomwe ankajambulamo chinkatuluka ndi chigayo cha pafupi ndi matambala a eni nyumba.

"Aise, pakufunika matiresi kukhomaku," anatero Anwar. "Madolo onse amatero."

Kwa a Nankhoma kunali matiresi a alendo, atsopano ndithu, oimikidwa kuseri kwa kabati. Lamulungu lina amayi ali kutchalitchi, Pemphani anawasenza pamutu n'kuyenda nawo mpaka ku Kawale. Mumtima ankati akatchuka adzawagulira bedi lathunthu. Chigayo chinasiyadi kumveka, ndipo ntchito ya mikisitepi, chimbale chake choyamba, inayamba kuyenda.

Tsiku lojambula nyimbo yaikulu, Pemphani anavala magalasi akuda ndi tcheni m'khosi, ngakhale munalibe womuona kupatula Anwar. Nyimboyo inkanena kuti iye saopa munthu, kuyambira ku Mgona mpaka ku Chinsapo. Ali pakati poopseza adani omwe analibe, chitseko chinatseguka. Anali a Nankhoma, thukuta lili kamukamu. Kunyumba kunali kutafika azibale ochokera ku Dowa, ndipo mayi woyandikana nawo nyumba anali ataulula komwe anaona matiresi akulowera.

"Iwe Pemphani! Bweza matiresi! Alendo agona pati? Ndati alendo agona pati?"

"Pepani amayi," anayankha mkango uja ndi kamawu kakang'ono. "Ndikubweza."

Anawakanganula kukhomako n'kuwasenzanso. Amayi patsogolo, iye pambuyo, magalasi akuda ali kumaso chifukwa analibe dzanja lowavulira. Kawale yense anaonerera.

Zomwe Pemphani sanadziwe n'zoti Anwar sanazimitse maiki. Atabwerera ku situdiyo, anapeza mnzakeyo atadula mawu a amayi aja n'kuwaika pa biti. Ankagwera mwa iyo ndendende, ngati kuti a Nankhoma anachita kuyeserera.

"Tiyike kumapeto, yongosekera," anatero Anwar.

Pemphani analola. Ankazidziwa bwino nyimbo zake, ndipo sankakhulupirira kuti alipo angazimvere mpaka kumapeto. Mikisitepiyo anaipereka kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni a anthu pamsika, ina n'kuitumiza m'magulu a pa foni, kenako anakhala chete kudikira kutchuka.

Kutchukako kunabweradi. Tsiku lina ali m'minibasi yochokera ku Kanengo, komwe anakapereka zitseko, anamva biti ya Anwar ikutuluka m'sipika. Anakhala tsonga, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamuzindikira. Pompo panamveka mawu a amayi ake, ndipo basi yonse inalandira: "Alendo agona pati?" Pofika pa "pepani amayi", kondakitala anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mfana ameneyu ndikanakonda n'tamuona," anatero kondakitalayo. "Akumveka kuti ndi bulutu."

"Zoonadi," anavomera Pemphani, n'kutsika siteji yake isanakwane.

Nyimbo zina zonse palibe anazilabadira. Ana a ku Biwi ankamutsatira m'njira akufunsa komwe alendo agone. Makasitomala pa shedi ankati asanatchule za windo, ankayamba amufunsa ngati matiresi anafika bwino. Kwa kanthawi Pemphani anakwiya, mpaka anasiya kukametetsa kwa Anwar. Koma tsitsi linakula, ndipo womumeta bwino anali yemweyo.

Kenako anaitanidwa ku shoo ya oimba achinyamata ku Area 25, Loweruka masana. Aka kanali koyamba kuona dzina lake pa chikwangwani, ngakhale analemba kuti "Chiphaliwali ndi Amayi Ake". Anakwera pa nsanja atatsimikiza kuti lero anthu amva rapu yeniyeni. Anayamba ndi nyimbo ija yosaopa munthu. Anthu anangomuyang'ana, ena akutafuna nzimbe. Vesi yoyamba isanathe, mtsikana wina kumbuyo anakuwa kuti, "Amayi ali kuti?" Bwalo lonse linagwirizana naye.

Pemphani anaima, maiki ili m'manja. Anaganiza zotsika. Kenako anavula magalasi, anagwira m'chiuno monga amachitira a Nankhoma akapsa mtima, n'kukweza mawu: "Iwe Pemphani! Bweza matiresi!"

"Pepani amayi!" anayankha anthu onse pamodzi.

Fumbi linakwera. Anamubwerezetsa mpaka mawu anasasa. Mpaka lero amanena kuti m'manja momwe anamuombera tsiku limenelo sanawomberedwemonso, ndipo anamuombera chifukwa chodzikalipira yekha.

A Nankhoma nkhaniyi anaimvera pamsika, pomwe anthu anayamba kubwera pa benchi yawo kudzaona nkhope ya mwini mawu, ena n'kugulako malaya. Madzulo ake anamuitana mwana wawo. Pemphani anakhala pansi akuyembekeza chimphepo.

"Iwe zaka zonsezi wakhala ukukuwa," anatero amayiwo. "Ine ndangolankhula kamodzi."

"Zoona amayi."

"Ndiye uuze mnzako uja kuti kwaya yathu ya amayi ikufuna kujambula nyimbo. Akuti inu ndi amene mumadziwa."

Amayi a kwaya sakanakwana m'kachipinda ka Anwar, choncho zipangizo anazinyamulira kutchalitchi. Pemphani ndi amene ankaimika amayiwo mozungulira maiki, kuuza awa asendere, awo atsitse mawu, ndipo anadabwa kuona kuti akumumvera. Ataona kuti zinthu zikuyenda, analimba mtima n'kupempha kuti aponyemo vesi imodzi ya rapu pakati pa nyimbo, ya mawu a Mulungu okhaokha.

Amayiwo anayang'anana. Mtsogoleri wa kwaya, Mayi Aleke, anati vesi ayi, koma popeza panalibe bambo woimba besi, mnyamatayo akhoza kuima kumbuyo n'kumang'ung'udza pansipansi. Pemphani anaima kumbuyoko, pakati pa amayi awiri onenepa, n'kung'ung'udza nyimbo yonse.

Atamaliza, Mayi Aleke anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana iwe, mawu uli nawo. Nanga umawawonongeranji ndi kulalata? Lachinayi tili ndi pulakatisi, usachedwe."

Pemphani anati aona ngati ntchito ilole. Lachinayilo anatseka shedi msanga, n'kukafika amayi ena asanabwere.