Waya wa Amalume

Waya uja ndimaukumbukirabe: wamkuwa, wopyapyala, wochokera pawindo la chipinda chathu ku Fordsburg kukafika pamtengo wa pichesi kuseri kwa sitolo. Amalume anaumanga kuti wailesi yawo izikoka masiteshoni akutali, m'nyengo yozizira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankati m'dzinja ziphaliwali za ku Joni zimasokoneza wailesi, koma mu Juni dzuwa likangolowa mawu akutali amafika.

Munthu uja analibe mtendere. Akaweruka, nsapato osavula, ankapotokola kabatani pang'onopang'ono khutu lili pawailesi, kenako n'kuitembenuza yonse kuti masiteshoni apafupi achepe mphamvu. Chipwitikizi, Chiswahili, zilankhulo zina zosadziwika mutu wake, zonse ankalemba m'kope, ola ndi nambala yake. Mawu ankabwera n'kuzimiririka ngati munthu woitana kutsidya kwa mtsinje. Koma panali nambala imodzi yomwe ankaidumpha msangamsanga, maso ali kwa amayi.

Chitupa cha amayi chinkanama kuti anabadwira ku Transvaal, m'dziko lomwelo. Pabwalo tinali anthu a Chizulu. Chichewa chinali cha m'nyumba, monong'ona, chitseko chili chotseka. Wina akanakatinenera kupolisi, amayi akanabwezedwa ku Malawi, ine wobadwira ku Joni n'kutsala. Anali atandiuza zimenezi kambirimbiri, koma kwa ine linali lamulo chabe, ngati lija loletsa kuseweretsa machesi.

Kusamva kwanga ine! Madzulo ena amalume atachedwa, amayi akuchapa pampopi ndi azimayi anzawo, ndinayatsa wailesi n'kukaima panambala yoletsedwayo. Poyamba inkangoti shwaa, kenako bambo wina anayamba kuyankhula Chichewa, momasuka, osanong'ona n'komwe. Ndinakweza mpaka pamapeto, chitseko n'kutsegula.

"Amayi, bwerani mudzamve! Akuyankhula ngati ife!"

Ndinakuwa m'Chichewa, bwalo lonse likumva. Mayi wa chipinda choyandikana nafe, amene ankalimbirana ndi amayi chingwe choyanikapo zovala, analeka kuchapa n'kumangotiyang'ana.

Amayi analowa thovu likuchucha m'manja. Ndinabisa nkhope kudikira mbama. Iwo anagwira kabatani kaja, koma osazimitsa. Anaima chiimire mpaka bambo uja anamaliza kufotokoza za anankafumbwe m'nkhokwe. Atatero anazimitsa, anatenga mpeni n'kukadula waya.

Masabata otsatira galimoto ikangoima pageti, amayi ankasiya chilichonse n'kumvetsera. Apolisi sanabwere. Koma kuyambira pamenepo chingwe chonse chinali cha mayi uja, ife zathu tinkayanika m'nyumba, zikununkha chinyezi. Amalume anaika kope lawo pansi pa matiresi, madzulo n'kumangozungulira pabwalo manja ali m'thumba.

Ine ndinkadandaula za waya basi. Ndipo ndinkadabwa kuti munthu wamantha chotero anaimiranji kumvetsera za anankafumbwe, ife tilibe nkhokwe ngakhale munda. Sindinkadziwa kuti chichokereni kwawo, aka kanali koyamba kuti amayi amve Chichewa chikuyankhulidwa mokweza.