Phesi la papaya ndi chifuwa cha Tiya

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ku Nchenachena, nthawi ya chipani chimodzi ija. Bambo anali mlangizi wa khofi, boma linawatumiza kumeneko kuchoka kwathu ku Dedza. Ine ndinali mwana wosakhazikika, ndipo musandifunse ngati ndinasintha, anzanga amati foni ikangothima ndimayamba kukanda tebulo. Kusukulu chikwapu chinali changa, mlandu wake umodzimodzi, kuyendayenda ndi kulongolola.

Mlongo wanga Tiyamike anali ndi zaka zisanu. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, thupi lake linali lofewa, ukamunyamula amangokutsetserekera m'manja. Dzina la mmene anabadwiramo, Down syndrome, ndinadzaliwerenga pafoni ndili kale ndi ndevu. Nthawi imeneyo anthu ankangoti "mwana wa alangizi uja" kenako n'kutsitsa mawu.

Vuto lenileni linali chifuwa. Chisanu chikangoyamba, chifunga n'kukuta minda ya khofi, m'chifuwa mwa Tiya munkalira ngati muli kamwana ka mphaka. Mayi anali atataya kale mwana ndi chibayo, mkulu wanga amene ine sindinamuone, ndiye kwa Tiya anaika malamulo: osatuluka, osathamanga, ngakhale kuseka kwambiri ayi, eti kumautsa chifuwa. Ankamuveka majuzi awiri, bulangete pamwamba, n'kumukhazika kukhitchini pafupi ndi moto, mu utsi momwemo. M'mawa uliwonse ankaika khutu kumsana kwake n'kumvetsera, ife tonse tili chete.

Chaka chimenecho Tiya anagonekedwa kuchipatala ku Khondowe chisanu chisanafike n'komwe. Potuluka, nesi wina, NyaGondwe, anauza makolo anga kuti mtima wa mwanayo aupima, uli bwino, ndiye aziyenda, azikwera kamtunda, aziuzira zinthu, kuti mapapo azitseguka ndipo makhololo azituluka. Mayi anavomera ndi mutu pamaso pa nesiyo, koma atafika kunyumba anati munthu amene sanaikepo mwana m'manda asawauze zochita. Bambo ankangogwedeza mwendo, matenda omwe ine ndinatengera.

Kenako kunabwera magule. Julaye akuyandikira, amayi onse ankaitanidwa kukayeserera kuvina kwa pa chikondwerero cha ufulu, ndipo kumeneko kunalibe zoti mwana wanga akudwala. Apampando a chipani akaitana, umapita basi. Masana alionse mayi ankamanga chitenje n'kulowera kubwalo akucheukacheuka. Tsiku loyamba lomwelo bambo anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Dalitso, iwe suja sukhala pansi? Ndakupezera ntchito. Mtulutse mlongo wako padzuwa, aziyenda. Ukaona kupuma kwavuta kapena milomo yasintha mtundu, ubwere naye msanga kuofesi."

Ndinathyola phesi la tsamba la papaya, lija la mphako m'kati, ndinasungunula kachidutswa ka sopo m'chitini, n'kumuonetsa. Ndinauzira, thovu linatuluka lozungulira, lamitundumitundu. Tiya analanda phesilo, koma m'malo mouzira anayamwa. Sopo yense m'kamwa! Analavula, analira, ananditcha galu. Mawu ake anali ochepa, koma limenelo ankalitchula bwinobwino.

Ndinabwerera m'mbuyo, tinayamba ndi nthenga ya nkhuku pachikhatho. Poyamba nthengayo sinkasuntha n'komwe, kampweya kake kankathera pamilomo. Patapita masiku inagwedezeka, kenako inauluka. Thovu loyamba limene anapanga yekha linali kakang'ono ngati nsawawa, koma analithokoza m'Chitumbuka cha ana a pafupi, "Yewo chomene," ngati kuti thovulo lamuchitira ulemu. Mphepo ya kumeneko inkakankhira thovu kumtunda, ku mizere ya khofi, ndiye Tiya ankalitsatira, kugwa, kudzuka, kukwera ndithu, ana ena ali pambuyo akukuwa m'chinenero chawo kuti azipita, "Luta, luta, Tiya!"

Ine mtima sunali m'malo ngakhale pang'ono. Diso limodzi pamilomo yake, lina kunjira ya kubwalo, khutu ku ng'oma, chifukwa ng'oma zikasiya ndiye kuti mayi ali m'njira. Ndipo Tiya ankatsokomola, chifuwa chenicheni chochokera pansi, n'kulavula zinthu zonenepa. Tsiku loyamba kuziona ndinathamangira kwa bambo ndikulira kuti ndamupha. Iwo anamuyang'ana, anamumvetsera, anati zimenezo n'zomwe nesi ankanena, zili bwino panja kusiyana ndi m'kati.

Tsiku lina ng'oma zikulirabe, mayi anatulukira. Anali atabwerera nsalu ya kumutu imene anaiwala. Anatipeza pamtunda, Tiya ali thukuta lokhalokha, bulangete lili uko pa udzu, akutsokomola atagwira mawondo. Khofi limene ndinalandira silinali la m'munda. Anamunyamula mwanayo kuthamangira naye m'nyumba, ndipo bambo atafika mayi anawalandira pakhomo ndi funso.

"Mukufuna ndiike wachiwiri kuno kuchilendo?"

Bambo anati, "Anaphiri, mumvereni kaye kumsanako. Mukapeza zaipa, phesilo ndilitaya ndekha."

Mayi anagwada, anakweza majuzi, anaika khutu. Anakhalitsa pamenepo. Anasunthira mbali ina, anabwereranso. Ine ndili pakona, tsaya likuyaka, miyendo ikuvina yokha. Kenako anafunsa kuti zimenezi tinayamba liti, ndipo bambo atanena kuti magule atangoyamba, mayi anakhala pansi. Iwo anali ataona kale kuti m'mawa kamphaka kaja kakuchepa mawu, koma ankayesa kuti ndi bulangete lawo.

Tiya, wosadziwa kuti pali mlandu, anasolola phesi lake m'juzi n'kuwauzira mayi kumaso, mpweya wautali umene unagwedeza tsitsi lawo. Mayi sanaseke. Anangoti juzi imodzi asavule, ndipo chifunga chikatsika alowe m'nyumba. Mawa lake, asanapite kubwalo, ndinawaona pansi pa papaya ndi mpeni wa kukhitchini, akusankha phesi lokulirapo.

Sindikunena kuti Tiya anachira. Chisanu chomwecho chisanathe anakweranso ku Khondowe, ndipo mankhwala ndi amene anamudzutsa. Koma anapita akuyenda yekha mpaka pagalimoto, ndipo anabwerako.

Kwa zaka zambiri ndinkati mayi ndi amene ankalakwa. Pano ndili ndi mwana wanga, akangotsokomola ndimafuna kumutsekera m'thumba, ndiye ndimamvetsa kuti chovuta sichinali kukwera mtunda uja. Chovuta chinali kuima pansi n'kumulola mwana akwere, iwe ukudziwa kumene kuli manda a mkulu wake.

Tiya alipo, amakhala ndi mayi ku Dedza. Ndinamugulira kafoni, ndipo mauthenga ake ambiri alibe mawu, amangouzira, fuuu, mpaka mpweya kutha. Ine ndimaika foniyo pakhutu ngati mmene mayi ankachitira kumsana kuja. Ndi nthawi yokhayo imene ndimakhala phee.