Golide Wobwereka Tsiku la Ukwati

Tsiku lomwe banki inamukaniza ngongole, Omana anabwerera kushopu yake ya pinyolo mumzinda wa Thrissur n'kungokhala pansi, misozi chuchuchu. Mwamuna wake anali atangomwalira, n'kumusiyira kabizinesi kobwereketsa ndalama kwa anthu osiya golide ngati chikole. Ndiye kunabwera lamulo loika malire pa ndalama zomwe banki ingabwereketse makampani a golide. Banki inasankha makampani akuluakulu, Omana n'kutsala manja lende.

Mlamu wake Varkey sanachedwe. "Alamu, gulitsani golide wa ochedwa kubwezawa. Chifundo chinapha nkhwali, mwaiwala?"

Asanayankhe, analowa Kunjamma wogulitsa nsomba, maso ali psuu. Mwana wake ankakwatiwa Lamlungu, koma mikanda ndi zibangili zake zonse zagolide zinali pa pinyolo kwa Omana. Inu, kwathu kuno mkwatibwi akaoneka khosi lili mbee, lopanda golide, apongozi amamunena mpaka atamera imvi!

"Achemwali, ndibwerekeni tsiku limodzi lokha. Lolemba ndibweza."

Varkey anaseka chikhakhali. "Chikole chotuluka pakhomo n'kubwereranso? Aaa, shopu yatha basi."

Omana anatsegula sefa yosungiramo chikole n'kumupatsa golide wake. Ankadziwa kuti golideyo akapanda kubwera, kwatsala n'kutseka.

Lolemba dzuwa linafika paliwombo, Kunjamma osaoneka. Madzulo ndi uyo, golide ali m'kansalu, akununkhirabe maluwa a mkwatibwi. Kumbuyo kwake kunali amayi akumsika, ndondondo.

"Awa akuti ndikunama, ati wapinyolo wachifundo chotere kulibe," anatero Kunjamma. "Ndati bwerani mudzamuone nokha."

Amayi aja anamusankha Omana kuti aziyendetsa chipereganyu chawo, ndipo kaphindu komwe ankalandira monga woyendetsa ndi komwe kanasanduka mpamba. Sikuti zinangoyenda myaa, ayi. Zaka zinapita akugonera phala la mpunga. Mayi wina anathawa nazodi zibangili, Omana analira, koma ukwati wotsatira anatsegulanso sefa. Omana ameneyu ine ndimamuvulira chipewa.

Lero ali ndi mashopu m'matauni angapo. Mukamufunsa za mpamba amati, "Banki ili ndi malire ake, sindiidandaula. Koma amayi akumsika sanandiikire malire."

Inunso amene mwakanidwa lero, musathamangire kufinya osauka anzanu. Mwina ndi omwewo adzakunyamuleni. Limbani, musataye mtima.