Ine ndinaika Joseph, Rozina anaika Zuze

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Amayi amene anachezera nane pamaliro a mwamuna wanga Joseph anali ngundangunda pakapeti m'nyumba yathu ya ku Hyattsville, kuno kutsidya kwa nyanja, nyimbo zitawathera kukhosi. Mmodzi yekha ndiye anali maso, atakhala tsonga pafupi ndi chithunzi cha malemu. Anali Rozina.

Rozina ndi Joseph anathawira limodzi nkhondo ya ku Mozambique ali ana, n'kukakulira ku Ntcheu. Zimenezi ndinkangozidziwa pamwamba. Zaka zinayi za banja, ndikafunsa za nkhondoyo Joseph ankangoti zakale zisiye. Koma Rozina akaimba foni kuchokera ku Gaithersburg, bambo ankatseka chitseko. Sindibisa, mayi ameneyu ndinkamuchitira nsanje, ndipo imfa sinachepetseko kanthu.

Kuno sitisonkha moto panja. Amayi anakazinga nkhuku pasitovu mpaka belu la utsi linalira, wina n'kumalikupiza ndi chitenje. Kunja kunali chisanu cholowa m'mafupa. Anthu anayamba kufika, ena akadali m'mayunifolomu a kuntchito yosamalira okalamba. Amayi awiri a ku Zambia atalowa analunjika kwa Rozina, poti ndiye ankalira mokweza, n'kugwada kumupepesa. Anachita kuwakodola wina kuti namfedwa ndi uyo ali pakonayo. Ine ndinalandira chipepeso chotsala.

Thupi sitinalitumize kumudzi, poti mudzi wa Joseph unapsa kalekale. Tinanyamuka cha m'ma leveni, magalimoto atandandana, nyali zili zoyaka masanasana. Manda tinapeza atakumba kale ndi makina, popanda mdzukulu ndi mmodzi yemwe.

Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya malemu imene ndinalemba ndekha. Munali sukulu, ukwati, ntchito ya pachipatala. Atamaliza, abusa anati mbiriyi yayambira pakati, ndipo anafunsa ngati alipo wodziwa ubwana wake. Ndinayang'ana nsapato zanga. Rozina anasendera kutsogolo.

"Wagona apayu ndi Zuze," anatero. "Panjira anthu amfuti ankafunsa mwana aliyense kuti ndi wa kwa yani. Ine ndine Msena, ndinali mlendo kuderalo, lilime likanandipereka. Zuze anawauza kuti uyu ndi mlongo wanga, salankhula chibadwire. Ndinayenda masiku anayi osatsegula pakamwa, iye akundiyankhira."

Anthu analira, amuna omwe. Ine misozi inauma. Dzina lakuti Zuze ndinali ndisanalimvepo, munthu ndimagona naye bulangete limodzi. Dothi ndinayamba kuponya ndine, koma aliyense ankayang'ana Rozina.

Madzulo anthu anabalalika, ambiri akuthamangira kuntchito. Mipando yobwereka ku tchalitchi anaitenga. Rozina anatsalira kutsuka mbale, ndipo ndinkafunitsitsa atachoka. Atavala jekete ndinalephera kudzigwira.

"Bwanji ine sanandiuze?"

"Mlamu, akandiona ine ankamva fungo la utsi. Kwa inu n'kumene ankapumira."

Kaya ankangonditonthoza, sindikudziwa. Atatseka chitseko m'nyumba munangoti zii. Ndinakhala pabedi n'kuyesa kuitana Zuze, kamodzi kokha, chapansipansi. Zinamveka ngati ndikuitana mwamuna wa mwini.