Dzanja la Laimu pa Tsaya Langa

Ndikukumbukira Loweruka lina ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa bwalo la mpira la kwathu ku Kabwata. Atate ndiwo ankasamalira bwalolo, kutchetcha udzu ndi kulemba mizere ndi laimu. Nyumba ya khonsolo imene tinkakhalamo tinapatsidwa chifukwa cha ntchitoyo.

Bwalolo linali ndi shedi imodzi ya malata. Nthawi ya atsamunda munkakhala azungu okha, anthu akuda ataima kuseri kwa waya. Ufulu utabwera wayayo anachotsedwa, koma mpando waukulu wapakati unatsala. Anangouveka chitenje cha chipani, n'kukhala wa gavanala. Aphunzitsi anali atatiuza kuti m'dziko mulibenso malo oletsedwa, ndipo ine ndinawakhulupirira kotheratu. Choncho, mpira usanayambe, ndinakwera n'kukhala pampandopo.

Phokoso la m'shedi linazima pang'onopang'ono. Anyamata awiri a chipani, omwe ankafunsa anthu makhadi a umembala pachipata, anandigwira m'khosi mwa malaya mpaka batani kuthothoka.

"Iwe, ni mwana wa ndani?" anafunsa wamtaliyo.

Ndinadziwa kuti ndikatchula dzina, ntchito ndi nyumba zipita. Ndinaweramitsa mutu, mkodzo ukutsika m'mwendo.

Atate anafika akuthamanga, manja ali mbuu ndi laimu. Sanapepese kwa aliyense. Anandimenya mbama imodzi yomwe inamveka mpaka kugolo, n'kukuwa kuti ndine chitsiru chimene chawavutitsa chibadwire. Dzanja lawo lonse linadindika loyera patsaya langa. Anthu anaseka, anyamata aja anasekanso.

"Ba Tembo, basi, muzamupaya," anatero wamtali uja, n'kundisiya.

Atate anali asanandimenyepo. Mpira utatha ananditengera pampopi kuseri kwa shedi, n'kundisambitsa tsaya.

"Ndikanachedwa, akanakutengera ku ofesi yawo," anatero motsitsa mawu. "Kumeneko sindikanaloledwa kulowa."

Ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri. Lero, nditasinkhasinkha zifukwa zake, ndikuona kuti analinganiza zonse m'kanthawi komwe anadutsa bwalolo: mwana wolangidwa kale ndi kholo lake, pamaso pa khamu, sakanatengedwanso ndi wina. Mpandowo unasintha mwini, koma mantha ouzungulira anali omwewo, ndipo Atate anawadziwa m'maulamuliro onse awiri. Shediyo inagwetsedwa kalekale. Pa mbama ija sindinawathokoze ali moyo.