Tsamba langa linathamangitsa azakhali pamudzi

Inu owerenga, ndi chala changa chomwechi ndinaika moyo wa azakhali anga pachiswe, ndipo ndilibe womuloza.

Ndimagwira ntchito kubungwe lina kuno ku Nairobi, ndimakhala ku Ruaka. Ndinatsegula tsamba la mchezo loti Amalawi anzanga azimverapo za kumudzi. M'mawa uliwonse ndili m'matatu, minibasi za kuno, ndinkakopera nkhani za kanyuzi kakang'ono ka m'boma lakwathu, n'kufufuta dzina la wolemba, a Mbewe. Anthu ankandiyamikira, ine n'kumadzimva.

Tsiku lina a Mbewe anandiimbira. Anandidandaulira kuti otsatsa malonda onse athawira kumasamba a mchezo, pomwe makampani eni masambawo sapereka kalikonse kwa olemba nkhani. Anandipempha kuti ndiwathandize kufalitsa pempho lawo loti pakhale lamulo lokakamiza makampaniwo kulipira. Ndinaseka, n'kuwauza kuti nkhani sagulitsa ngati tomato.

Sipanatenge nthawi, kanyuziko kanatsekedwa. Posowa kokopera, ndinayamba kutola chilichonse.

Mvula itachedwa kwathu, kunabwera chithunzi chosaoneka bwino cha mayi wachikulire, akuti akumanga mvula. Ndinachiponya patsamba matatu asanafike n'komwe m'tauni. Masana mlongo wanga anandiimbira foni akulira. Mayiyo anali azakhali amene anandilera, ndipo anthu anali atayamba kusonkhana pakhomo pawo, ena atanyamula miyala. Ambiri anaona chithunzicho patsamba langa, nakhulupirira poti wachiika ndi mwana wa pamudzi pomwepo, wophunzira.

Ndinaimbira a Mbewe kuti athamangireko akalembe zoona.

"Achimwene, njinga yamoto ndinagulitsa, panopa ndikuweta nkhuku," anatero mosakweza mawu. "Nanga nditalemba, ndikazitulutsa pati?"

Azakhali anapulumutsidwa ndi abusa, amene anawatulutsira kuseri kwa nyumba. Mpaka lero akukhala kwa eni, ndipo foni yanga sayankha. Chithunzicho ndinachichotsa, koma chili m'mafoni a anthu osawerengeka. Kukangotentha masiku angapo chimatulukiranso, ine mtima uli m'mwamba.

Inu owerenga, za malamulo sindidziwa zambiri, koma musamaseke mtolankhani akamapempha kuti thukuta lake lilipiridwe. Akasiya ntchito, otsala ndi anthu ngati ine, ofalitsa tisanafunse. Mwezi wa mvula wayandikiranso, ndipo kwathu kulibe wopita kukafunsa.