Katondo pa Chithunzi cha Atate

Lero pojambula, choko chofiira chandidetsa zala, ndipo ndakumbuka khonde lathu ku Tamanda. Atate ankajambula mapiri ndi choko chamitundumitundu, chofewa ngati ufa. Tsiku lina chofiira chinawathera, chonsecho chithunzi chinkayenera kupita kuchionetsero ku Lusaka m'mawa mwake. Anangopaka phiri lonse pinki, n'kupita kukasamba m'manja ali khuma.

Ine zinandinyansa. Ndinakatapa dothi la katondo kuseri kwa nyumba, n'kulitikita papepalapo ndi chala.

"Iwe! Wachita chiyani?" anakuwa atabwera.

"Phiri lathu si lapinki, atate."

Anasunthira m'mbuyo, nayang'ana chithunzicho atatsinzina diso limodzi. Ine sindinathawe. Kenaka anandipatsa mbale.

"Katapenso lina. Louma bwino, wamva?"